Akavalo a Twaibu

Inabwera pa lole kuchokera ku Joni,
yofiira ngati phwetekere wa ku Namwera,
zitseko ziwiri zokha, mphuno yaitali,
masilinda asanu ndi atatu.
Tsiku limene Twaibu anailiza pa galaja yanga ku Mpondasi
masipanala anavina okha pa thebulo,
mwana wa aneba anataya chitumbuwa n'kuthawa.

Lero wabwera ndi katoni.
"Che Ndembo, iyi ndi tebo. Mangani.
Akavalo mazana atatu andichepera,
ndikufuna mazana asanu."

Akavalo!
Ine ndamerera imvi m'Mangochi muno,
kavalo ndinamuona pa kalendala basi.
Undiwerengere m'ng'ombe za ngolo, mwanawe,
kapena m'ntchafu za anyamata a kabaza
okankha matumba pa mtunda wa Chowe.

Ndinatsegula boneti.
Bawuti iliyonse ikadali ndi kadontho kachikasu
ka munthu wa ku fakitale,
munthu amene mwina anatsikira kulichete kalekale.
Zaka makumi anayi palibe sipanala yalumapo.
Ndinagunditsa sikuludiraiva pa injini, chigwiriro kukhutu,
monga achitira adokotala pachifuwa.
Inkapuma mosapupuluma,
ngati munthu wopanda ngongole.

Ndinati: mphamvu siyenda yokha,
imabwera ndi abale ake onse, anjala.
Ukasonkhezera moto, mapisitoni adandaula,
kilatchi inunkha, giyabokosi ikukuta mano.
Mabuleki awa anawapangira liwiro la dzana.
Nanga mafuta? Si iwe unagona pamzere Lachinayi
n'kubwerako ndi malita khumi?
Ndipo ukathamangira kuti?
Pa mlatho wa Shire pali njinga, pali mbuzi,
amayi osenza madengu a mango,
ana a ku madrasa ogwirana manja.
Msewu wa ku Liwonde uli ndi maenje odziwa dzina lako.

Twaibu anakhala pa tayala lakutha,
napukuta magalasi ake ndi malaya.
"Zaka khumi ndi ziwiri, Che Ndembo,
ndinkatsuka magalimoto a eni.
Tinkagona asanu ndi mmodzi m'kachipinda,
kuyankhula chapansipansi kuti lilime lisatiulule.
Ndikamva sairini ndinkazima ngati kandulo.
Mzungu amene anandigulitsa iyi analira,
akuti ndisadzasinthe ngakhale waya umodzi.
Ndiye kuti ikadali yake.
Ine ndikufuna ikhale yanga.
Ndikaponda pa nsanja ya wotchi
andimve ku Chimwala, andimve ku Ntagaluka,
adziwe kuti mwana wa Abiti Sumani anabwera."

Ndinafunafuna yankho m'bokosi la zida.
Munali masipanala okhaokha.

Adhana inaitana. Tinasamba, tinakapemphera.
Pobwerera tinagwirizana chimodzi:
mabuleki choyamba, atsopano mawilo onse anayi,
tebo pambuyo.
Anang'ung'udza, koma anawerenga ndalama.
Nanenso sindinakane. Fizi ya Asiyatu
yakhala ikundiyang'ana kuyambira Januwale.

Koma kabuleta yakale sindigulitsa.
Ndaitsukira chidebe, ndathiramo oyilo;
bawuti iliyonse ndidzaikulunga payokha
ndi kapepala konena kwawo,
chifukwa ndawaona anyamata
akubwerera ndi imvi kudzafunsa
ngati chinthu chingabwerere mmene chinalili.

Atapita ndinailiza ndekha,
magetsi atazima, tochi kukamwa.
Sindinaponde. Ndinangoimvera
ikuguguda pang'onopang'ono pansi pa malata,
du-du, du-du,
mawu amene sadzamvekanso pambuyo pa mawa.
Geji ya mafuta inatsika, ndinazimitsa.

Mawa m'mawa sipanala ya fotini
idzaluma bawuti yoyamba.
Kadontho kachikasu kadzang'ambika pakati,
ndipo dzanja lochita zimenezo
lidzakhala langa.